Linux Mint ndaizolowera, koma mnyamata wa pashopu uja sindinamukhululukire

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo zitatu zonsezo ndi za achikulire eni shopu, osati za mnyamata wawo wa pakauntala uja. Dzina la shopu sinditchula, koma amene mumakonzetsa makompyuta ku Limbe mukuidziwa: K25,000 kuika Windows, sachotsera ngakhale mulire.

Ine ndili ndi kabizinesi kotayipa ndi kusindikiza ku Bangwe. Mayeso a masukulu a pulaiveti, ma CV, makadi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, zonse zimatuluka m'laputopu imodzi, HP EliteBook 840 G3 ya kaunjika imene ndinagula mu 2021. Ili ndi kamng'alu pakona, batire yake siyitha ola, koma ndi imene imalipira fizi ya ana. Chaka chatha inayamba kumanditsekera sikirini yonse ndi uthenga wakuti Windows 10 isiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025. Ndinkangotseka uthengawo n'kupitiriza ntchito. Ine chinthu chikamayenda bwino sindichigwiragwira. Windows 7 yomwe ndinaisiya mochita kukokedwa, nthawi yake itatha kale mu 2020. Mwana wa achemwali anga anayesa kapulogalamu koona ngati makina angalandire Windows 11, kanakana. Akuti purosesa yanga ndi ya 6th gen, pamene Windows 11 imafuna ya 8th gen kupita m'mwamba. Ndiye makina oti akundidyetsa tsiku ndi tsiku akalamba papepala basi.

Ndinapita kushopu kuja Lachiwiri lina kumayambiriro kwa October 2025, kukafunsa nzeru. Mvetsetsani apa, kukafunsa. Ndinali nditamva kuti pali njira yowonjezera chaka chimodzi pa Windows 10, imene amati ESU, yofika mpaka October 2026, ndipo ndinkafuna wina andithandize kulembetsa chifukwa imafuna akaunti ya Microsoft, ine pasiwedi yake ndinaiwala kalekale. Mnyamatayo sanadzutse n'komwe mutu pafoni.

"Mami, zimenezo n'zotaya nthawi. Ingogulani ina."

Analoza pashelefu pamene panali laputopu ya mtengo wopitirira miliyoni. Ndinaseka. Chigwetsereni kwacha mu November 2023, ndani wa ku Bangwe angapisire m'chikwama n'kutulutsa miliyoni ngati akugula tomato? Ataona kuti sindigula, anati ndiisiye, ndibwere 3 koloko. Ndinanena kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa mwana wa Sitandade 1: "Achimwene, musasinthe chilichonse. Ndikungofuna chaka chowonjezeracho."

"Ndamva mami, osadandaula."

3 koloko itakwana ndinapeza laputopu yanga ili yotsegula pakauntala, iye akumwetulira ngati wapha nyama. Sikirini ya buluu yamaluwamaluwa, batani la Start lili pakati, ndipo pa desktop palibe kanthu. Mbee! Foda ya MAYESO palibe. Foda ya MALIRO palibe, pamene banja lina linali litalipira kale pulogalamu yofunika m'mawa mwake 7 koloko, chithunzi cha malemu ndi mbiri yawo zonse zili mommo. Foda ya BANKI, mmene ndimasunga maakaunti a banki m'khonde ya amayi 22 a kumpingo, palibe. Ntchito ya zaka zinayi.

"Mafayilo anga ali kuti?"

"Munalibe backup?"

"Ndafunsa kuti mafayilo anga ali kuti."

"Aaa mami, simunanene kuti muli zofunika. Koma taonani, ndakuikirani Windows 11, ena amakanika zimenezi. Ndalumpha malamulo ake onse ndi kapulogalamu ka Rufus."

Ankayembekezera kuti ndimuombere m'manja. Miyendo yanga inazizira, ndinakhala pakatoni ya mapepala imene inali pakhomo. M'mutu mwanga munkangobwera nkhope za amayi a banki aja, makamaka asungichuma athu amene sakhulupirira kale zolemba pakompyuta, amati kope la makatoni silizima. Ndikadawauza chiyani pa 5 December pogawana ndalama? Ndili chikhalire choncho, mnyamatayo anatembenukira mnzake wogulitsa makava a foni n'kunena, osati monong'ona ayi, kuti makina akale ndi eni ake akale amavuta chimodzimodzi. Anaseka awiriwo. Kenako anandilembera lisiti la K25,000.

Pamenepo ndiye ndinadzuka. Sindinyadira mawu onse amene ndinayankhula tsiku limenelo, ena sayenera mayi wa chigwirizano, koma anthu a m'mashopu oyandikana anatuluka kudzaonerera, ndipo ndinalumbira kuti sindichoka mpaka mwini wake abwere. Mnyamatayo anati abwana sabwera lero. Ndinati ndigona pompano. Ndinakhala maola awiri pakatoni paja, lisiti lili m'manja, iye akuseweretsa foni ngati palibe munthu.

Achikulire anafika cha m'ma 5, bambo a imvi, magalasi ali pamphuno. Anayamba ndi moni. "Mwaswera bwanji mayi? Pepani, takhalani pampando apa." Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenako anakoka laputopu ija, anatsegula disiki C, anatsika pang'ono, n'kuloza ndi chala foda ina imene ine sindinaionepo: Windows.old. Mkati mwake Users, mkati mwake dzina langa, mkati mwake Desktop. MAYESO, MALIRO, BANKI, zonse zili phee ngati nkhuku pamazira. Ndinalira, sindibisa. Anandifotokozera kuti mwayi wanga unali wakuti mnyamatayo sanafufute disiki, anangoika Windows yatsopano pamwamba pa yakale, ndiye zakalezo zinakankhidwira mufodamo. Anati ndikadapita nayo kunyumba osadziwa, pakadatha masiku 10 Windows ikadatha kuichotsa yokha fodayo. Mnyamata wodzitama ndi Rufus uja sankadziwa n'komwe kuti foda imeneyi ilipo.

Sanamukalipire pamaso panga. Anangoti, "Iwe, kawagulire mayi Fanta, ndalama yako." Lisiti lija analing'amba. Pulogalamu ya maliro ija anandisindikizira pa pulinta yawo usiku womwewo, makope 150, anangolandira ya mapepala.

Pamene mafayilo ankakopedwa, anandiyalira nkhani yonse mosandinyengerera. Windows 11 yokakamizayo iyenda, koma eni ake Microsoft ananena okha kuti makina osakwanira malamulo sawalonjeza ma update, ndipo pa hard disk yanga yakale ija idzakhala ikukwawa. Kubwerera ku Windows 10 n'kulembetsa ESU n'kotheka, koma ndi chaka chimodzi, chikatha ndidzabweranso pakatoni pomwepa. Ndiye anati iwo kunyumba amagwiritsa ntchito Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndinakana asanamalize. Ndinati zimenezo ndi za anyamata a ku Poly, olemba zilembo zobiriwira pasikirini yakuda, ine ndine mayi wotayipa mayeso. Sanatsutse. Anatulutsa fulashi m'thumba la malaya, anaibaya, anayatsa makina kuchokera pa fulashipo osaika kalikonse mkati, n'kundisunthira laputopu. "Tatayipani kalata imodzi, mukaida tiisiya."

Menyu inali pansi kumanzere, pamene Mulungu anaiika. Inkaoneka ngati Windows 7 yanga ija imene ndinaisiya ndikudandaula. Ndinatsegula LibreOffice Writer, pulogalamu yotayipira ngati Word, ndinatayipa kalata yofunsira ntchito ya m'mutu, ndinatsegula mayeso a Chichewa a Fomu 2 kuchokera mufoda yanga, anatseguka. Ndinavomera mokayikakayika. Tinagwirizana kuti ndigule SSD, disiki yamakono yothamanga, ya 256GB, imene makinawa ali ndi malo ake apadera mkati, aikepo Linux Mint 22, ndipo pa disiki yakale abwezeretse Windows 10 yoti ndizilowamo mwa apo ndi apo popanda intaneti. SSD ndinalipira, ntchito ya manja sanandilipiritse.

Pano papita miyezi inayi. Makina amayaka ndisanamalize kupukuta tebulo, ngakhale chilungamo chake n'chakuti mbali yaikulu ya liwirolo ndi SSD, osati Mint yokha. Ma update amadikira ine, sayamba okha kudya bandulo pakati pa mwezi, ndipo ndimawachita usiku. Achikulire anati Mint 22 ili ndi chithandizo mpaka 2029, ndiye mutu wanga wapuma.

Koma chimene chinandigonjetsa ndi mafulashi a makasitomala. Aliyense wotayipa amadziwa vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Mphunzitsi amabwera ndi fulashi yoti yadutsa m'makompyuta a sukulu yonse, ukangoibaya mawa lake makina ako akutsokomola. Kale ndinkachita kupemphera ndisanabaye. Pa Mint kavairasi kameneka kamangokhala pamenepo ngati kachitsa, kosayenda, ndipo mafoda amene kanabisa amaoneka bwinobwino. Mlungu watha bambo ena anabwera atataya mtima kuti satifiketi zawo zonse zapita, ndinawatulutsira m'mphindi ziwiri, anandisiyira K2,000 ya thokozo. Ndayamba kuganiza zoika chikwangwani.

Kanthu kena kakang'ono: abusa ena amafunabe ŵ wa kachipewa m'mapulogalamu awo, Malaŵi azilembedwa monga kale. Mu Word ndinkachita kukamusaka ku Symbol kapena kukopera ku fayilo ina. Apa mwana wa achemwali anga anandiikira batani lotchedwa Compose, ndimangodina ilo, kenako kachipewa, kenako w, watuluka.

Zowawa ziliponso, ndipo pa izi achikulire sanandichenjeze mokwanira, n'chifukwa chake nyenyezi sizikufika zinayi. Mafayilo a Word amatseguka, inde, koma osati nthawi zonse mmene mwini wake anawasiyira. M'November aphunzitsi ena ananditumizira mayeso a masamu okhala ndi zojambula za makona atatu ndi timabokosi ta mawu. Ine ndi changu changa ndinasindikiza makope 120 osayang'ana tsamba lachiwiri. Chojambula cha funso 7 chinali chitatsetserekera pa funso 8, ndipo funso lomaliza linagwera patsamba lachitatu lokha. Mapepala ndi inki zinapita choncho, ndinalipira ndekha. Tsopano aliyense ndimamuuza kuti atumize PDF, akakana ndimamuonetsa pasikirini asanachoke.

Pulogalamu ya Microsoft Publisher pa Mint palibe, ndipo makadi anga onse a chinkhoswe ndi ukwati ndinawapangira mmenemo. LibreOffice Draw imayesa kuwatsegula koma maluwa amapita kwina, mayina a akwati kwina. Ndiye pa makadi ndimazimitsa, n'kulowa ku Windows 10 ya pa disiki yakale ija. Ndikalowako wotchi imakhala itabwerera m'mbuyo maola awiri. Tsiku loyamba ndinachedwa kukatenga mwana kusukulu chifukwa cha zimenezi, ndikuti nthawi idakalipo. Akuti Linux imasunga nthawi ya GMT mkati mwa makina pamene Windows imaiwerenga ngati ya kwathu kuno, ndipo pali lamulo limodzi lokonzera, koma sindinapite kukakonzetsa. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndamvanso kuti Publisher yomweyo Microsoft ikuisiya mu October 2026, ndiye pulogalamu yojambulira ya Inkscape ndiyenera kuiphunzira ndithu, ngakhale pakadali pano ikundizunguza mutu.

Pulinta inagwira yokha nditangoibaya, sikana ndiye inatenga masiku atatu ndi maulendo awiri a minibasi. WhatsApp ndimatsegulira pa Firefox, zimayenda.

Ulendo wachiwiri wa sikanawo ndinamupeza mnyamata uja ali yekha. "Mami, mwabwera? Linux yakukanikani eti?" Kupepesa ayi, mpaka lero. Ndinamufunsa ngati pano akudziwa kumene Windows.old imakhala, anangoyang'ana pafoni. Ndinatsika masitepe, ndinakagula chipisi, ndinadikira panja mpaka ndinaona imvi za achikulire zikutuluka m'minibasi. Inunso mukapita ndi makina anu, yambani mwakopera mafayilo anu pa fulashi kunyumba, ndipo mukapeza pakauntala pali wa foni uja yekha, laputopu isachoke m'chikwama.