Lens ya 50mm kapena ya 18-55mm ndi flash: iti yojambulira oimba mu black and white?

Ambirife kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu tinayambira kamera yogula kwa munthu, Canon 600D kapena Nikon D3200, yobwera ndi lens yake ya 18-55mm. Paukwati ndi pachinkhoswe palibe dandaulo. Mutu umaima usiku oimba akakwera pa siteji mu holo ya paboma, magetsi ali atatu okha, lina lofiira ena a pepo, inu mukufuna zithunzi za black and white. Mukakamire lens yomweyo n'kuyatsa flash, kapena muponye ndalama pa 50mm f/1.8?

Nkhani yagona pa kuwala. Lens ya 18-55mm mukaikokera pa 55 kuti nkhope ya woimba iyandikire, imangotsegula mpaka f/5.6 basi (nambala ya f ikachepa, ndiye kuti khomo lolowera kuwala lakula). Ya 50mm ikatsegula pa f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo. Woimba sakhala phee, ndipo kuti dzanja la wagitala lisachite mbuu pamafunika shutter ya 1/250, kutanthauza kuti kamera iphethire pa 1/250 ya sekondi. Pomwe ya 50mm ikukupatsani 1/250 pa ISO 1600 (ISO ndi nambala yomwe mumakweza kuti kamera ione mumdima), inzakeyo ikufuna ISO ya m'ma 16000, chonsecho makamera awiri ndatchulawa amathera pa 12800.

N'chifukwa chake anzathu ambiri amathawira ku flash. Imaimitsadi chilichonse, chithunzi n'kutuluka chakuthwa. Koma black and white imadya mithunzi, ndipo flash ya pamwamba pa kamera imapha mithunzi yomweyo. Imamenya nkhope maso ndi maso, makwinya a pachipumi n'kufufutika, thukuta n'kumangoti phuliphuli, kumbuyo pa chinsalu cha okonza shoo n'kuima chimthunzi cha mutu ndi maikolofoni. Chithunzi chimangokhala ngati cha pa chiphaso cha unzika. Ena amati lozetsani flash yakunja, yogula padera, kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa. Zoona, koma maholo athu ambiri alibe siling'i, kumwamba kuli malata ndi mitengo, kuwala kumapita osabwerako. Shoo ikakhala panja mu June kapena July, chifunga chikatsika m'phiri la Dedza, ndiye musayese n'komwe: flash imagunda timadontho ta m'mwamba kapena fumbi la ovina, chithunzi chonse n'kudzaza mawanga oyera. Nawonso oimba sakondwa kuwathwanimira m'maso nyimbo iliyonse.

Ya 50mm imakulolani kujambula ndi magetsi a pa siteji omwewo. Imani chapambali, mudikire woimba atembenukire ku getsi: theka la nkhope liwale, theka linalo limire mumdima, mitsempha ya pakhosi itukuke pamene akukoka mawu. Magetsi a LED a pepo aja, amene amaononga khungu pa zithunzi zamitundu, mu black and white sasautsa kwenikweni. Ngakhale timchenga tomwe timatuluka pachithunzi mukakweza ISO kufika 3200 timangokometsera. Ine ndimaika kamera pa RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona, n'kusankha Monochrome, kuti pa sikirini ndizionera black and white koma mitundu isungike mu fayilo. Pokonza pa kompyuta mu pulogalamu ya Lightroom, kapena ya darktable yomwe ndi yaulere, mumatha kuwalitsa kapena kudetsa mbali yofiira payokha, khungu n'kukhala momwe mukufunira.

Osati kuti 50mm ilibe zake. Pa Canon 600D imaona ngati 80mm, pa Nikon D3200 ngati 75mm, kutanthauza kuti imatenga malo ochepa, ndiye bandi yonse kapena kwaya ya amvano simungailowetse m'chithunzi chimodzi. Mukati mubwerere m'mbuyo, mupeza anthu akuvina, wina n'kukuthirani chakumwa pamsana. Chinanso, pa f/1.8 malo akuthwa ndi ochepetsetsa. Kamera ikagwira maikolofoni, diso la woimba lathawa. Sankhani kadontho kamodzi ka focus, kapakati, mukaike padiso, ndipo kuwala kukalola tsekani pang'ono mufike pa f/2.2. A Nikon chenjerani pogula: 50mm f/1.8D yotchipa ija siichita autofocus pa D3200 chifukwa kamerayo ilibe mota yake. Funani ya AF-S, yolembedwa G, kapena 35mm f/1.8G yomwe imatenga malo okulirapo.

Ya 18-55mm musaigulitse. Masana ndi mfumu: pa ingoma ya Umhlangano ku Nkolimbo, kapena makwaya akamaimbira panja Lamulungu, dzuwa limakwana ndipo zoom imakupulumutsani pagulu pomwe simungasunthe phazi. Usikunso pa 18mm imatsegula f/3.5, zokwanira chithunzi chimodzi kapena ziwiri za siteji yonse ndi manja a anthu ali m'mwamba. Ndipo ngati mwini shoo wakulipirani kuti nkhope iliyonse ioneke, mpaka ya mlendo wolemekezeka, yatsani flash mum'patse zake.

Koma ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, flash yakunja kapena lens, ndipo mtima wanu uli pa black and white, ine ndikuti gulani 50mm. Musanalipire iyeseni pa kamera yanu pomwepo, muiunikenso ndi tochi ya foni, poti zambiri zogula kwa anthu zimabwera ndi nkhungu m'kati mwa magalasi.