Kavideo show ka kuseli kwa depoti komwe timaonera NFL

Amene mumafunsa kuti mpira wa ku America uja wa ligi ya NFL timauonera kuti kuno ku Kasungu, ndi pa kavideo show kena kuseli kwa depoti ya mabasi. Lamulungu EPL ikangotha amasintha n'kuika ESPN, magemu oyamba amayamba 7 koloko madzulo, ikakwana November amasunthira 8. Timatsala mwina anthu khumi basi, enawo amadzuka akutiseka kuti eti tikuonera ndewu ya anthu ovala zipewa za akabaza a njinga zamoto.

TV ndi yaikulu bwino, jenereta ilipo ndipo magetsi akathima sachedwa kuiliza. Koma chimene chimandibweretsa pano ine ndi achimwene amene amayang'anira malowa, mpirawu amaudziwa heavy.

Tsiku lina mu 2024 tikuonera timu ya Chicago ndinakuwa kuti Caleb Williams ndi quarterback (woponya mpira amene amatsogolera timu) wa chiyani ameneyu, akungogwetsedwa ngati thumba la chimanga. Achimwene anachepetsa volyumu n'kundiuza kuti amwene, musamuyang'ane iyeyo, yang'anani anyamata asanu omuteteza ali kutsogolo kwakewo. Ndinayang'anadi, kunali kungodutsa anthu ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe. Season imeneyo mwanayo anagwetsedwa ka 68 mpira uli m'manja. Ndiye anatifotokozera kuti pa draft, pomwe matimu amasankha osewera atsopano ochokera ku koleji, timu imene yachita zoipitsitsa ndi imene imayamba kusankha, ndiye mnyamata amene wawala ku koleji amakagwera kunyumba yamavuto, kochi mawa lake achotsedwa, abwera wina ndi system ina, iye ayambirenso kuloweza. David Carr mu 2002 ku Houston, timu yongoyamba kumene, anagwetsedwa ka 76 chaka choyamba ndipo sanadzukenso bwinobwino. Pomwe Mahomes anatengedwa ndi Kansas City mu 2017, pafupifupi chaka chonse anakhala pa benchi kumaonera Alex Smith, kochi wake Andy Reid yemweyo osasintha, 2018 kulowa n'kuponya ma touchdown (zigoli za mpirawu) 50.

Mnzanga wina amalima fodya cha ku Santhe, amakana zimenezi mpaka lero, akuti waluso ndi waluso basi. Achimwene amangomufunsa za Sam Darnold, amene ku Jets anthu anamutaya kuti watha, ku Carolina chimodzimodzi, koma atafika ku Minnesota mu 2024 anawina magemu 14. Amawonjezanso Brock Purdy, munthu womaliza kusankhidwa mu 2022, nambala 262, koma anapeza San Francisco ili kale yokonzeka mpaka kukafika Super Bowl, fainolo ya NFL. Mnzangayo amangoti aaa mwayi umenewo, n'kuitanitsa tchipisi.

Zodandaula ziliponso. Mabenchi ndi a matabwa opanda potsamira, ndipo gemu imodzi imatenga maola atatu ndi ma advert ake osatha aja, pofika kumapeto msana wauma. Sipika imodzi imakhosomola komentari ikakwera. Chondiwawa kwambiri ndi choti magemu akuluakulu amayamba cha m'ma 2 koloko usiku ndipo nthawi imeneyo atseka kalekale, ndinawapempha kuti ya Super Bowl yokha titsegulireni tisonkha ya mafuta a jenereta, anangoti tidzaona mlonda akavomera.

Mukabwera tengani juzi ndi kapilo, ndipo musakhale benchi ya kumanzere pafupi ndi khomo, utsi wa jenereta umalowera pomwepo.