Bondi ya China ya 1913: ya pakhoma, osati ya ku banki

M'mashopu a ndalama zakale muno mu Johannesburg nthawi zina mumapezeka chipepala chachikulu cholembedwa kuti Reorganisation Gold Loan. N'chokongoladi. Anachisindikiza a Waterlow & Sons ku London, ndipo mawu ake ali m'zinenero zinayi: Chingerezi, Chijeremani, Chifalansa ndi Chirasha.

Ndi bondi, kutanthauza chikalata cha ngongole ya mapaundi 25 miliyoni imene boma la Yuan Shikai, pulezidenti wa China pa nthawiyo, linatenga mu 1913, ya chiwongoladzanja cha 5 peresenti, yobweza pa zaka 47. Anaikonza ndi mabanki asanu akunja: HSBC, Deutsch-Asiatische Bank, Banque de l'Indo-Chine, Russo-Asiatic Bank ndi Yokohama Specie Bank. Pa mapaundi 100 alionse, ogula analipira 90, koma China inalandira 84 yokha, katapira wovala suti ndithu. Chikole chinali msonkho wa mchere, moti Mngelezi, Richard Dane, anaikidwa kuyang'anira nawo katoleredwe kake.

Mukachigwira, yambani ndi mtengo wolembedwapo. Bondi ya mapaundi 20 imasonyezanso mtengowo m'ndalama za ku Germany, France ndi Russia: mamaki 409, mafranki 505 ndi maruble 189.40. Ina ndi ya mapaundi 100. Onani banki imene inaitulutsa, chifukwa osonkhanitsa amasiyanitsa mitengo potengera zimenezo. Kenako makuponi, tizidutswa timene ankadula polandira chiwongoladzanja. Malipiro anaima mu 1939, choncho zambiri zidakali ndi makuponi osadula, ndipo yopanda makuponi iyenera kutsika mtengo. Yang'anitsani ndi galasi lokulitsa: mizere ya yeniyeni ndi yosalala, ya fotokope imaoneka timadontho. Unikaninso mopindidwa, poti m'pamene pepala limayamba kung'ambika, ndipo seloteyipi yakale imasiya banga lachikasu losachoka.

Vuto lili pa malonda. Ena amanong'oneza kuti China idzawombola mapepalawa ndi golide. Musamvere zimenezo, abale. Boma limene linalowa mu 1949 linakana ngongole zimenezi, ndipo pangano la 1987 la China ndi Britain lolipirako ngongolezi linakhudza a ku Britain okha, nalonso linatha kalekale. Wogulitsa akayamba za mamiliyoni, bwezani chikwama m'thumba.

Kwa mphunzitsi wa mbiri kapena wokonda zakale, n'chogulika, bola muyerekeze kaye mtengo ndi wa pa intaneti. Osachimata pulasitiki yotenthetsa. Chiikeni m'chikwama cha pepala lopanda asidi, kapena mufuremu patali ndi zenera, chifukwa dzuwa la kuno limasuwitsa inki.