Kuyezetsa impso za galu wodwala mtima: nyenyezi 4 mwa 5

Ndimakhala ku Luchenza, ndipo galu wanga Bingo, yemwe wakula ndithu, ali ndi nthenda ya mtima. Ndemangayi ndi ya ntchito yoyeza magazi pa chipatala china cha ziweto ku Blantyre, komwe amaona mmene impso zake zikugwirira ntchito. Ndalama yake ndi yowawa, koma sinapite m'madzi.

Adokotala anayamba ndi kundifotokozera chifukwa choyezera impso pomwe wodwala ndi mtima. Mtima ukafooka, magazi safika okwanira ku impso. Komanso furosemide, mankhwala ochotsa madzi m'mapapo aja, amakodzetsa kwambiri, ndiye akaphatikizana ndi enalapril, mankhwala ena a mtima, impso zimatha kupanikizika. Mankhwala omwewo amene akuthandiza galu kupuma akhoza kumamupweteka kwinaku mwini wake osadziwa.

Anayeza urea, creatinine, potassium ndi SDMA, zinthu za m'magazi zomwe kuchuluka kwake kumasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo pa SDMA apa ndi pomwe mtima wanga unakhazikika. Creatinine kawirikawiri imakwera impso zitataya kale pafupifupi 75% ya mphamvu zake, pomwe SDMA imayamba kukwera zitataya cha m'ma 40%. Chinanso, creatinine imachokera m'minofu. Bingo nthenda ya mtimayi yamudya, ntchafu zinaphwa, ukamusisita pamsana umamva mafupa okhaokha. Galu wotere creatinine yake imatha kuoneka yabwinobwino impso zikuvutika, ndipo ya Bingo inatuluka choncho. SDMA siyendera kuchuluka kwa minofu: inatuluka 19, pomwe ya galu wathanzi siyenera kudutsa 14. Adokotala anazunguliza manambala awiriwo ndi cholembera papepala, nati, "Bambo, tisathamange. Galu akachepa madzi m'thupi nambalayi imakweranso, ndiye tidzayezanso pakapita milungu iwiri." Kuleza mtima kumeneku ndinakukonda, chifukwa sanandiopseze kapena kundikakamiza kugula zinthu.

Atayezanso, nambala inali pomwepo. Anachepetsako furosemide pang'ono, nandiuza kuti Bingo akagona tulo ndiziwerenga kapumidwe kake, kasamadutse ka 30 pa mphindi, komanso madzi akumwa asamamuthere usana ndi usiku. Pano akudya bwino kusiyana ndi kale, ndipo chifuwa cha usiku sichinabwerere.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ili ndi zifukwa zake. Magazi a SDMA amachita kutumiza kwina, zotsatira zinachedwa, ndipo woimba foni kufunsa ndinali ine nthawi zonse. Polembetsa sanandiuze kuti galu abwere asanadye, moti tinakhala panja kudikira mpaka masana. Kwa ife akuno zimenezi n'zopweteka: minibasi silola galu wamkulu, umachita kuhaya galimoto kudutsa pa boma la Thyolo ndi Bvumbwe mpaka mu Limbe, ndipo galu wamtima kutentha kwa masana sikumuyanja, amangoti wefuwefu njira yonse. Pakanakhala njira yoti magazi azitengedwa konkuno n'kumatumizidwa, ambiri tikanapepukidwa.

Ngati galu wanu ali pa furosemide, makamaka ngati wayamba kuwonda, funsani za SDMA, musakhutire ndi creatinine yokha. Funsiranitu mtengo ndi tsiku la zotsatira, nyamukani m'mamawa kusanatenthe, ndipo tengani mankhwala onse amene akumwa m'mapaketi ake kuti adokotala aone mlingo.