Shopu yotayipa Chichewa ku Mayfair: ntchito yabwino, koma muyang'anitsitse mayina

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsayo ndi nkhani ya mayina a anthu, ndipo amene muli m'makomiti a magulu a maliro muwerenge gawo limenelo ngakhale zinazo mutazidumpha.

Ndine mlembi wa gulu lathu la maliro, la anthu akumudzi amene tili kuno ku Joni. Ambiri tili ku Mayfair ndi Fordsburg, ena ku Yeoville, ena kutali ku Diepsloot ndi Cosmo City. Malamulo a gululi sanalembedwepo pamalo amodzi. Anali balalabalala pa WhatsApp: lina analemba wapampando usiku ataweruka, lina msungichuma ali mu taxi, ena anali m'mawu ojambula basi. Komiti inagwirizana kuti pakhale kabuku, ndiponso ndandanda wa mamembala wokhala ndi dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi wachibale woti tizimuimbira zinthu zikavuta. Mashopu otayipa, kupulinta ndi kupanga fotokope ndi ambirimbiri m'tauni muno. Iyi ndinaisankha chifukwa amene amakhala pa kompyuta ndi mayi akwathu, a cha ku Zomba, amene anaphunzitsako kupulayimale asanabwere kuno.

Ndalama zanu zimapita pamenepo, pa munthu woti akuwerenga zimene akutayipa ndipo akuzimva. Lamulo loyamba linafika kwa iwo monga mmene linalili pafoni: "Mbale wathu akatisiya aliyese azisonkha R200 pasanathe siku 3 cz mtembo sungadikile zkm." Analiwerenga mokweza, kenako n'kundiyang'ana. "Alembi, ndiye mukufuna kusonkhera mbale? Ya nsima kapena ya ndiwo?" Papepala linatuluka chonchi: "M'bale wathu akatisiya, aliyense azisonkha R200 pasanathe masiku atatu, chifukwa mtembo sungadikire." Sanasinthe ganizo ngakhale pang'ono, koma tsopano ndi chiganizo choti ukhoza kuchiwerenga pamsonkhano anthu akukangana za ndalama, wina osanena kuti sanamve.

Kachizindikiro kam'mwamba kaja, kosiyanitsa m'bale ndi mbale, ndi kamene kamasowa kwambiri m'zolemba zathu, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu. Pa kiyibodi ya foni sikakhala pamodzi ndi zilembo. Uyenera kulowa kaye ku tsamba la manambala kapena kudina batani n'kuligwiritsa, ndiye munthu wofulumira amangolemba ngombe, pangono, mmudzi, mmawa. Pamacheza palibe amene amasokera nazo. Mayiwa anabwezera konse komwe kanasowa, ndipo pamasamba onse sindinapeze pomwe anakaiwala.

Zina zimene anakonza ndi zija timalemba monga mmene timayankhulira: siku m'malo mwa tsiku, zina m'malo mwa dzina, mazi m'malo mwa madzi, aliyese, konkuno atalemba kokuno. Ndiye pali l ndi r, amene amatizunza tonse. Anandiuza lamulo limene ankaphunzitsa ana, loti mkati mwa liwu r amabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe l amakhala kwina konseko. N'chifukwa chake timalemba maliro, kulira, kubwera, koma malamulo, kulowa, sukulu. M'gulu lathu mawu oti maliro alembedwa malilo kwa zaka zambiri, ngakhale ndi anthu a MSCE yawo. Malamulo a kalembedwewa si maganizo a mayiwa. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, kunakhazikitsidwa Chichewa Board, imene inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kudzawakonzanso mu 1980 ndi 1990. Bungwelo litatha, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Amene anaphunzitsapo Chichewa kupulayimale malamulowa ali nawo m'mutu, ndipo zimaoneka pa ntchito ya mayiwa.

Ine sindili m'gulu la amene amanyoza achinyamata chifukwa cholemba bwnj ndi zkm. Tinayamba ndife. Nthawi ya mafoni a mabatani meseji imodzi inkalola zilembo 160 zokha, ikapitirira pamenepo umalipira ziwiri, ndipo yopita ku Malawi inali yodula. Kuti ulembe s unkadina batani la 7 kanayi, z unkadina la 9 kanayi, moti zikomo wathunthu anali ntchito. Amene analipo kuno masiku a Mxit, pulogalamu ija tinkachezerana nayo pafoni, akudziwa mmene mawu ankadulidwira. Lero WhatsApp sawerengera zilembo, koma chizolowezi chinatsala m'zala. Chimene chasintha kwambiri n'choti ambiri anasiyiratu kulemba. Amangodina n'kuyankhula. Madala amene anabwera ndi Wenela kudzagwira ntchito m'migodi, ulendo uja usanaimitsidwe mu 1974, ankalemba kalata kapena kupempha mnzawo wodziwa kuti awalembere, ndipo kalatayo kumudzi inkasungidwa m'sutikesi. Adzukulu awo akutumiza mawu a mphindi zisanu, foni ikatayika zonse zapita.

Mawu ojambulawo mayiwa amawalandira, koma amalipiritsa mowonjezera, ndipo sindikuwadandaula. Ndinawaona akumvetsera mawu a wapampando wathu, kumbuyo kuli phokoso la hutala ndi kondakitala akuitanira anthu, akubweza mobwerezabwereza kuti amve ngati ananena sabata kapena Sabata la Mulungu. Mukafuna kusunga ndalama, lembani nokha ngakhale ndi bolopeni, mujambule pepalalo.

Chinanso chimene chinandisangalatsa n'choti amafunsa asanachotse mawu a kuno. M'malamulo athu munali mara, munali eish, munali neh kumapeto kwa chiganizo chilichonse cha msungichuma. Awa anachotsa titagwirizana, mara n'kukhala koma. Koma undertaker ndi mortuary anandifunsa kaye, ndipo tinawasiya momwemo chifukwa ndi mmene alembedwera pamapepala amene timakumana nawo kuno, ndipo membala aliyense amawadziwa choncho. Tili ndi mamembala angapo a ku Chipata amene amalemba c pomwe ife timalemba ch, monga cakudya ndi cifukwa. Anati si kulakwitsa, ndi mmene amalembera ku Zambia, koma kabuku kamodzi kayenera kutsata njira imodzi. Tinatsata ya kwathu popeza ndife ambiri.

Pa kompyuta yawo chija chokonza mawu chokha anachizimitsa. Tsamba lonse limakhala ndi mizere yofiira kunsi kwa liwu lililonse chifukwa makinawo amayembekezera Chingerezi, koma iwo sayilabadira. Izi n'zofunika kuposa mmene mungaganizire. Membala wathu wina anakapangitsa makhadi a chinkhoswe kushopu ina mkati mwa tauni, komwe wotayipa samva Chichewa, ndipo khadi lililonse linatuluka likuyamba ndi "Bamboo ndi Mayi". Makhadi anali atagawidwa kale ku tchalitchi asanazindikire. Mayiwa anandionetsanso kuti makiyibodi ena a pafoni ali ndi Chichewa, pena chimalembedwa kuti Nyanja pa mndandanda wa ziyankhulo, ndipo ukachiika foni imasiya kulimbana nawe pa liwu lililonse. Anandithandiza kuchiika osandilipiritsa.

Tsopano nkhani ya mayina.

Dzanja lomwe limakonza malilo kukhala maliro silinaime litafika pa ndandanda wa mamembala. Tili ndi bambo wina dzina lake Mabvuto. Mayiwa analemba Mavuto, chifukwa kalembedwe ka masiku ano kanachotsa b uja. Tili ndi mayi wina amene pasipoti yake imati Frolence. Analemba Florence. Wina Grolia anasanduka Gloria. Pa Chichewa ndi Chingerezi cha m'kalasi iwo anakhoza, koma ndandanda uwu si mayeso. Dzina la munthu ndi limene lili pa pasipoti ndi pa chitupa cha unzika, kaya amene analilemba poyamba analakwitsa kaya ayi. Chiyambireni kalembera wa zitupa mu 2017, wachibale kumudzi akamakatenga ndalama amaonetsa chitupa, ndipo dzina limene watumiza uja walemba liyenera kufanana ndi la pachitupacho. Pa maliro ndiye zimakula. Mlembi amatenga dzina pa ndandanda n'kupatsa a undertaker, iwo n'kuyamba kuyendetsa mapepala a imfa, a kukonza mtembo, ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe. Mtembo ukayenda pamsewu umadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kukalowera ku Mwanza kapena ku Dedza, ndipo pachipata chilichonse pali munthu wofananitsa mapepala. Chilembo chimodzi chikasiyana ndi pasipoti zinthu zikhoza kuima, pomwe ku mortuary akuwerengera tsiku lililonse ndipo kumudzi anthu asonkhana kale pa siwa.

Anazitulukira ndi msungichuma wathu, amene anakhala pansi ndi mafotokope a mapasipoti n'kumafananitsa dzina ndi dzina. Nditabwerera nazo, mayiwa poyamba anakana. "Koma alembi, Frolence si dzina. Munthu angatchedwe Frolence?" Ndinati achemwali, amene amadinda pasipoti ku Beitbridge sanaphunzitseko kupulayimale, amangoona zilembo. Anaseka, n'kuvomera. Anakonza masambawo osalipiritsa kutayipa, ine ndinalipira mapepala okha. Kakonzedwe kake ndinakhutira nako. Chimene sindinakhutire nacho n'choti anasintha mwakachetechete. Pa mara ndi undertaker anafunsa, koma pa mayina, pomwe kufunsa kunali kofunika kwambiri, sanafunse.

Mayina a malo ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndinawasiya akonze. Tili ndi madala amene mpaka lero amalemba Cholo, Mlanje ndi Ncheu monga ankalembera atsamunda. Mayiwa anaika Thyolo, Mulanje ndi Ntcheu, zomwe ndi zimene zili pa zitupa ndi pa zikwangwani zamsewu. Pa mayina a midzi ing'onoing'ono anasiya monga mwini wake analembera, ndipo anachita bwino.

Mtengo ndi wapakatikati. Kutayipa amawerengera pa tsamba, kupulinta kwa inki yakuda n'kotsika monga kwina kulikonse m'derali, kulamineta ndiye kwakwerako. Pa kabuku kathu anatichotserako chifukwa makope anali ambiri. Pepala ndi lopyapyala, ndipo anangomenya sitepula pakati, moti chikuto mukachifuna cholimba munene poyamba. Asanapulinte amatumiza PDF pa WhatsApp kuti muone. Musangoyankha kuti zili bho muli pa ntchito. Itsegulireni madzulo mutakhala pansi, mapasipoti ali pambali.

Malowo ndi opanikiza. Amagawana chipinda ndi mnyamata wokonza mafoni, mpando wa kasitomala ndi umodzi. Kumayambiriro kwa sabata kumadzaza anthu a ma CV, ndiye ntchito yaitali ngati yathu imayembekezera. Magetsi akazima ntchito yaima, alibe jenereta. Kumapeto kwa sabata masana ndi pomwe ndinapeza mpata woti tikhale pansi n'kuwerenga limodzi.

Chomaliza n'chokhudza zinsinsi za anthu. Pa kauntala ndinaona mafotokope a mapasipoti ndi ma permit a makasitomala ena ali poyera, aliyense wolowa akhoza kuwerenga, ndipo pa kompyuta mafayilo a anthu amangosungidwa pamodzi. Kwa ife amene ndandanda wathu uli ndi mayina, manambala a foni ndi midzi ya anthu ambiri, izi sizabwino. Ndinapempha kuti fayilo yathu aiike pa flash yanga n'kuifufuta pa kompyuta ndi pa WhatsApp yawo ndikuona, ndipo anatero osanyinyirika. Inunso mukatero, ndipo mafotokope anu a mapasipoti musawasiye kuti mudzatenge mawa.