Express Skopelitis: sitima yopita ku tizilumba tachete ta ku Greece, kukoma kwake ndi zovuta zake

Munthu wa kuno ku Mangochi amene anakwerapo Ilala pa Monkey Bay n'kukatsikira ku Likoma kapena ku Chizumulu sangavutike kuimvetsa Express Skopelitis. Ntchito yake ndi yomweyo: kunyamula anthu, zakudya za m'magolosale, makalata, njinga zamoto ndi tigalimoto towerengeka, kupita nazo kumene sitima zikuluzikulu zimafika mwa apo ndi apo. Imayenda m'nyanja ya Aegean pakati pa zilumba za Naxos ndi Amorgos, ndipo imaima pa tizilumba tinayi totchedwa Small Cyclades: Iraklia, Schinoussa, Koufonisi ndi Donousa. Eni ake ndi banja la a Skopelitis la ku Amorgos komweko, ndipo kampani yawo ndi Small Cyclades Lines.

Maganizo athu ndi awa: sitimayi ndi yodalirika ndiponso yotchipa, koma si yanthete ayi. Ndipo amene ayamba wagula tikiti ya ndege, walipira malo ogona, n'kumadzaganizira za sitima pomaliza, ndiye amene amataya ndalama. Ulendo wa ku tizilumba iti umakonzedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa tsiku ndi ola la sitima.

Mayendedwe ake ndi osavuta kuwasunga pamtima. Imagona ku Katapola, doko la Amorgos. Imanyamuka m'mawa cha m'ma 7 koloko, imadzera m'tizilumba tija, imafika ku Naxos masana, kenaka 2 koloko imatembenuka kubwerera njira yomweyo. Lamulungu kawirikawiri imapuma. Ku Donousa ndi ku Aegiali, doko lachiwiri la Amorgos, siidzerako tsiku lililonse. Imapitako pafupifupi katatu pa sabata, ndipo tsiku loterolo ulendo wa ku Katapola umatalika ndithu. Ndandanda imasintha malinga ndi nyengo, ndipo ya miyezi yotentha imachedwa kutuluka. Choncho mukaona pa Ferryhopper, tsamba la pa intaneti logulirapo matikiti a sitima, m'mwezi wa Januwale kuti mu Juni mulibe sitima, musathamangire kunena kuti njirayo inatsekedwa. Onaninso mu Epulo kapena mu Meyi.

Kuchoka ku Naxos kukafika ku Iraklia ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka. Schinoussa ili kutsidya chabe, mphindi zochepa kuchoka pa Iraklia, mofanana ndi mmene Domwe imaonekera ukaima pa Chembe. Koufonisi ndi maola awiri ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Mtengo wake ndi wa mayuro ochepa, chifukwa boma la Greece limaikapo ndalama pa njira zosapindulitsa ngati zimenezi kuti anthu a m'tizilumba asadulidwe ku chipatala, kusukulu ndi kumsika. Apa tiyamikire mosabisa: pa ulendo wonse wochokera ku Malawi, iyi ndi tikiti yokhayo imene simudzaimva kuwawa m'thumba.

Tsopano nkhani yaikulu, mphepo. Kunyanja kwathu kuno timadziwa mwera, wochokera kummwera, umene umautsa mafunde kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti n'kuwakhazika asodzi pagombe masiku atatu osaponya chilimira. Ku Aegean kuli meltemi. Imachokera kumpoto ngati mpoto wathu, koma khalidwe lake ndi la mwera weniweni: youma, kumwamba kuli mbee popanda mtambo, ndipo imatha kuomba masiku angapo osaleka. Imafika pachimake mu Julayi ndi Ogasiti, nthawi yomwe alendo amachuluka. Mlendo amanyengeka ndi dzuwa, amaganiza kuti poti kulibe mvula ndiye kuti nyanja ili bata. Ayi ndithu.

Agiriki amayeza mphepo ndi sikelo ya Beaufort, ndipo nambala yake mudzaimva ikutchulidwa pa doko lililonse. Ikakhala 4 kapena 5, ulendo ndi wokoma. Ikafika 6 ndi 7, sitima zothamanga zija zimayamba kuchedwa kapena kulephereka, koma Skopelitis imapitabe, ndipo mbiri yake yabwino inachokera pamenepa. Ikafika cha m'ma 8 ndi 9, akuluakulu a pa doko amaletsa sitima kunyamuka. Chiletsochi amachitcha apagoreftiko, ndipo palibe woyendetsa sitima amene angachiphwanye ngakhale mutamudandaulira kuti ndege yanu ndi ya mawa.

Kupita kumene imapita pa mphepo ya 7 kuli ndi mtengo wake. Sitimayi ndi yaifupi, mamita osafika 50, choncho imapendama ndi kudumpha kwambiri. Pakati pa Iraklia, Schinoussa ndi Koufonisi pamakhalako bwino chifukwa Naxos, imene ili kumpoto kwake, imatchinga mphepo. Poipa ndi pamene yatuluka kuseri kwa Naxos kulowera ku Donousa kapena ku Amorgos, pomwe mafunde amaimenya cham'mbali. Ngati mumachita nseru m'boti, imwani mankhwala oletsa kusanza kutatsala mphindi 30 kapena ola limodzi kuti munyamuke. Kumwa mutayamba kale kumva chizungulire n'kungotaya mankhwala. Khalani chapakati pa sitima, pamalo otsika, maso pa mzere umene nyanja yakumana ndi thambo, foni m'thumba. Pamwamba panja pamaoneka bwino ndipo mpweya ndi wabwino, koma mbali yoyang'ana mphepo madzi amakuthirani, ndipo ndi amchere: foni ndi kamera zikanyowa nawo zimachita dzimbiri mkati. Pasipoti ikhale m'pepala lapulasitiki, m'kachikwama kosachoka pathupi.

M'kati muli chipinda chokhalamo ndi pogulitsira khofi, madzi ndi totafuna. Musayembekezere chakudya chenicheni. Gulani buledi ndi zipatso ku Naxos.

Pokwera ndi potsika m'pamene alendo ambiri amasokonezeka. Sitima imafika chafutambuyo, imatsitsa chitseko cha kumbuyo, anthu ndi katundu amatuluka, ena amalowa, ndipo pakangotha mphindi zowerengeka yanyamuka. Zikwama zazikulu zimasiyidwa pansi pomwe pali magalimoto, ndipo ogwira ntchito amakuuzani pozisiya malinga ndi kumene mukukatsikira. Mvetserani, chifukwa chikwama cha ku Iraklia chikalowa pansi pa mulu wa ku Katapola, muchifukula sitima ikunyamuka. Dzina la doko amalitchula mwachangu, nthawi zina m'Chigiriki mokha, ndiye tsikirani pansi mukangoona doko likuyandikira. Si minibasi ya pa Mangochi Turn-off yoti kondakitala abwerera chifukwa mwakuwa. Dziwaninso kuti pa tikiti pangalembedwe Katapola kapena Aegiali m'malo mwa Amorgos, ndipo madoko awiriwa atalikirana ndi msewu wokhotakhota wa m'mapiri. Komanso Iraklia si Heraklion. Heraklion ndi mzinda waukulu wa ku Crete, ndipo kulakwitsa kumeneku pogula tikiti pa intaneti n'kosavuta.

Kulumikiza sitimayi ndi ya ku Athens ndiko kumafuna mutu. Ya Blue Star Ferries yonyamuka ku Piraeus, doko la Athens, cha m'ma 7:30 m'mawa imatenga maola asanu ndi theka kapena kucheperako pang'ono kuti ifike ku Naxos. Papepala ndiye kuti muli ndi ola limodzi Skopelitis isananyamuke. Tsiku labata zimatheka. Tsiku la mphepo, kapena la chikhamu cha anthu pa Paros, chilumba chimene Blue Star imaimapo isanafike ku Naxos, ola limenelo limasungunuka, ndipo poti makampani ndi osiyana, wina sadikira mnzake. Lamulo la European Union limati sitima ikalephereka kapena ikachedwa kunyamuka kupitirira mphindi 90, musankhe kubwezeredwa ndalama kapena kupatsidwa ulendo wina. Koma chipukuta misozi sichiperekedwa ngati chifukwa chake ndi nyengo yoipa, ndipo chipinda chimene munalipira kale pachilumba sichikhudzidwa ndi lamuloli. Nzeru ndi kugona usiku umodzi ku Naxos popita, ndipo pobwerera kukagona ku Athens usiku umodzi kapena uwiri ndege isananyamuke. Blue Star nayo imadzera m'tizilumba iti kangapo pa sabata kuchokera ku Piraeus, osasintha sitima. Ndi yaikulu, siigwedezeka kwambiri, koma maola ake ena ndi a usiku. Ambiri zimawayendera akapita ndi ina n'kubwera ndi inzake.

Kuchoka kuno, njira yachidule ndi kutsika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba n'kukakwera ku Chileka, kapena kukakwerera ku Kamuzu International Airport ku Lilongwe. Ethiopian Airlines imafika ku Athens kudzera ku Addis Ababa. Kuchoka pa bwalo la ndege la Athens kupita ku Piraeus pali basi ya X96, yoyenda usana ndi usiku, komanso sitima yapansi ya mzere wachitatu, imene inafika ku Piraeus mu 2022. Doko la Piraeus ndi lalikulu, zipata zake zili ndi manambala, ndiye onani nambala ya chipata pa tikiti. M'miyezi yotentha nthawi ya ku Greece imatsogola ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu.

Viza ndi ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya limene Greece ilimo. Wamkulu amalipira mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu ndiponso yotsala ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka m'mayiko a Schengen, umboni wa malo ogona ndi wa ndalama. Mutha kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti munyamuke. Yankho limatenga masiku 15, koma limatha kufika 45. Greece ilibe kazembe ku Lilongwe, choncho funsani msanga kumene mafomu akulandiridwa chaka chimenecho, poti muyenera kukaonekera nokha kuti akakudindeni zala. Pa ndondomeko ya ulendo imene mupereke, mausiku a ku Naxos ndi a ku Athens aja aonekere, masiku onse akhale ndi pogona. Sankhani malo ogona olola kusintha popanda kudulidwa ndalama.

Nanga kachilumba kake n'kati? Ngati mukufunadi bata, Iraklia. Anthu okhalapo chaka chonse ndi pafupifupi 150 basi. Doko ndi Agios Georgios, gombe la mchenga la Livadi lili pafupi, loti n'kuyenda wapansi, ndipo mudzi wa Panagia uli kumtunda. Kuli phanga la Agios Ioannis, lolowera pakabowo kakang'ono mochita kukwawa. Tengani tochi yeniyeni ndi madzi okwanira, chifukwa njira yake ndi yamiyala, yopanda mthunzi. Phiri lalitali ndi Papas, mamita pafupifupi 420. Schinoussa ndi yathyathyathya pang'ono, magombe ambiri, doko lake ndi Mersini, mudzi uli pamtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo imatchuka ndi fava, mtundu wa nsawawa zouma zophikidwa mpaka kusanduka phala, ngati chipere chathu. Koufonisi ili ndi madzi okongola kuposa tonse, koma inatchuka kale. Mu Ogasiti si yachete ngakhale pang'ono, ndipo mitengo ya zipinda imalusa. Donousa ndi yabwino kwa amene saopa mafunde.

Nthawi yabwino ndi Juni ndi Seputembala. Mu Juni masiku ndi aatali. Mu Seputembala madzi amakhala atafunda. Pewani masiku oyandikira 15 Ogasiti, tsiku lalikulu la Mayi Maria kwa Aorthodox, pamene Agiriki eni ake amadzaza sitima ndi zipinda zonse. Kuyambira chakumapeto kwa Okutobala malo ambiri ogona ndi odyera amatseka.

Zipinda zambiri ndi za mabanja, ndipo eni ake amabwera kudzakutengani pa doko mukawauza sitima yanu. Auzeni dzina la sitima, osati ola lokha, poti iwo amadziwa ikachedwa. Tengani mayuro a m'manja okwanira masiku angapo. Makina otapira ndalama pa tizilumba totere ndi ochepa ndipo amatha kuuma, pomwe makadi a mabanki a kuno amakhala ndi malire pa ndalama zakunja. Kambiranani ndi banki yanu nthawi ikadalipo. Pali msonkho wa usiku uliwonse umene umalipiridwa pamalo ogona, nthawi zambiri sukhala m'mtengo wa pa intaneti. Madzi akumwa ndi a m'botolo. Mapepala a kuchimbudzi amatayidwa m'kabini, osati m'chimbudzimo, chifukwa mapaipi ndi aang'ono. Magetsi ndi ofanana mphamvu ndi athu koma soketi ndi ya mabowo awiri ozungulira, ndiye adaputala mugulire ku Athens kapena ku Naxos. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku tengani okwanira ndi owonjezera masiku atatu, poti chipatala chili ku Naxos. Nambala ya zadzidzidzi ndi 112.

Abale athu achisilamu, omwe kuno ndi ambiri, adziwe kuti gyros ndi souvlaki, zakudya za nyama yootcha, nthawi zambiri ndi za nkhumba ngati sanatchule nyama ina. Nkhuku ndi kotopoulo, mbuzi ndi katsiki, ndipo nsomba ziliko. Nsomba zikuluzikulu m'malo odyera amagulitsa pa kilogalamu, ndiye pemphani ayeze mukuona asanaotche. Munthu wozolowera mtengo wa chambo pa Makawa akhoza kukomoka ndi bilu. Tinsomba tating'ono tokazinga, gavros ndi marida, timakoma ngati usipa wofutsa ndi kukazinga, ndipo n'totsika mtengo. M'madzi mulibe ng'ona, mvuu kapena likodzo, koma pamiyala pali tizilombo tozungulira ta minga yakuda, ndipo mingayo imathyokera m'phazi. Nsapato zapulasitiki zosambira nazo, ngakhale zogula pa msika wa Mangochi, zimakwanira.