Ndemanga: ulendo wapansi wa ku Chinatown wonena za Thomas Geary, nyenyezi 4 pa 5

Ndinagula matikiti awiri pa intaneti, langa ndi la mwana wanga wamkulu, madola 45 munthu mmodzi. Iye anapatsidwa ntchito kusukulu yolemba za malamulo amene ankaletsa anthu a ku China kulowa mu America, ndipo kampani yoyendetsa ulendowu inalemba patsamba lake kuti ulendowo ndi wa maola awiri, wofotokoza moyo wa phungu Thomas J. Geary ndi lamulo lake. Ife timakhala ku Santa Rosa, ndiye tinadzuka m'mamawa Loweruka kuti tikafike ku San Francisco nthawi yabwino.

Tinakumana pa chipata cha Chinatown, pamene Grant Avenue imadutsana ndi Bush Street. Tinalipo anthu ngati khumi ndi awiri. Wotitsogolera anali bambo wachikulire, woyankhula mosathamanga, atanyamula kachikwama ka mapepala kukhwapa. Tisananyamuke n'komwe ndinachita manyazi. Pofuna kuonetsa kuti nanenso ndikudziwako, ndinati, "Bambo, ndiye kuti msewu wa Geary tadutsa uja unatchulidwa dzina la munthu yemweyu?" Anaseka pang'ono n'kunena kuti funso limeneli salephera kulimva sabata iliyonse. Msewuwo ndi wa John W. Geary, meya woyamba wa mzindawu, munthu wina osati wachibale wa nkhani yathu. Mwana wanga anandiyang'ana m'mbali, ndipo mpaka lero akundiseka.

Za moyo wa Geary anatifotokozera titaima pa Portsmouth Square. Anabadwira ku Boston mu 1854, anabwera ku San Francisco ndi makolo ake mu 1863, anaphunzira pa St. Ignatius College, n'kukhala loya mu 1877. Anayambira ntchito ku Petaluma, kenako mu 1882 anasamukira ku Santa Rosa komwe anakhala woimira boma pa milandu m'dera la Sonoma. Apa ndinadzidzimuka. Ndinali nditayenda mtunda wonsewo kukamva za munthu amene manda ake ali ku Rural Cemetery, pa Franklin Avenue, msewu umene ndimadutsa popita kuntchito. Ku nyumba ya malamulo ku Washington anakhalako kuyambira kumapeto kwa 1890 kufika mu Malichi 1895, wa chipani cha Democratic, ndipo chisankho cha 1894 chinamugwetsa. Zaka zosakwana zisanu. Ine ndinkayembekezera chimunthu choopsa cha m'mbiri, koma ndinapeza loya wa m'tauni yaing'ono amene anaona kumene mavoti akupendekera.

Chimene chinandilipira ndalama zanga chinachitika pa Stockton Street, kutsogolo kwa nyumba ya bungwe loimira anthu a ku China lotchedwa Chinese Six Companies. Bambo aja anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa kope ya chitupa chenicheni, yokutidwa ndi pulasitiki, n'kutiuza kuti tiyendetsane m'manja. Pepala limodzi, chithunzi cha mwamuna wovala malaya akuda pakona, dzina, zaka, msinkhu, ntchito, ndi zipsera za pathupi. Anatisiya tiliyang'ane kaye osayankhula kanthu, kenako m'pamene anafotokoza.

Lamulo la 1882 linaletsa antchito ochokera ku China kulowa m'dzikoli kwa zaka khumi. La Geary, limene pulezidenti Benjamin Harrison anasaina pa 5 Meyi 1892, linawonjezera zaka zina khumi, koma silinalekere pamenepo. Linatembenukira anthu amene anali kale m'dzikomo mololedwa. Wantchito aliyense wa ku China anayenera kukalembetsa pasanathe chaka n'kumayenda ndi chitupa. Wopezeka alibe ankamangidwa n'kubwezedwa kwawo, pokhapokha atapereka chifukwa chomveka komanso mboni yachizungu yotsimikiza kuti anali m'dzikomo lamulo lisanabwere. Mboni yachizungu, taganizani. Munthu amene moyo wake wonse unali m'migodi kapena m'nyumba yochapira zovala ndi anzake okhaokha akaipeze kuti? Ndili nalo m'manja pepalalo ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene anagwirapo ntchito ku Joni, mmene ankanenera za pasi ngati kuti ndi chiwalo cha thupi lawo.

Ndinakondanso kuti sanawaonetse anthuwo ngati nkhosa zongokhala chete. Six Companies inauza anthu ake kuti asalembetse, ndipo inapempha aliyense asonkhe dola imodzi yolipirira maloya. Ambiri anamvera. Mlandu wa Fong Yue Ting, wotsutsa lamulolo, unafika ku khoti lalikulu la America, ndipo mu Meyi 1893 oweruza asanu anati lamulolo lili bwino, atatu anakana. Koma boma linalibe ndalama zothamangitsira khamu lonselo, ndiye chaka chomwecho linawonjezera miyezi isanu ndi umodzi yolembetsera n'kulamula kuti pa chitupa pazikhala chithunzi. Mu 1896, pa mlandu wa Wong Wing, khoti linagamula kuti munthu sangagwiritsidwe ntchito yakalavulagaga asanazengedwe mlandu. Zoletsazo zinatha mu 1943, ndipo ngakhale pamenepo ololedwa kulowa anali 105 okha pachaka. Mwana wanga analemba zonsezi mpaka cholembera chinamuthera, ndinachita kumubwereka changa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Anatipatsa timawailesi ta m'makutu kuti tizimva bwino m'phokoso la magalimoto, koma kanga kanazima tisanafike pakati pa ulendo, batire itatha, ndipo analibe kena kosinthira. Ndinayenda theka lonse ndikukankhana ndi anthu kuti ndikhale pafupi ndi pakamwa pa wotitsogolera. Chachiwiri ndiye chinandipweteka: pa maola awiri aja, pafupifupi mphindi 25 tinazitayira m'sitolo ya tiyi, kutilawitsa timakapu kwinaku akutionetsa mitengo. Tiyiyo anali wabwino, sindikukana, koma patsamba lawo sanalembepo zimenezo. Mapeto ake moyo wa Geary atachoka ku Washington unafotokozedwa mothamanga tikuyenda: kuti anapita ku Nome ku Alaska mu 1900, anabwerera ku Santa Rosa, anakhala loya wa mzinda mu 1906 chaka cha chivomezi, n'kumwalira mu 1929. Basi. Ngati mukugulitsa ulendo m'dzina la moyo wa munthu, musamalize zaka zake 34 zomaliza m'mpweya umodzi. Nditawalembera kudandaula anayankha mwaulemu tsiku lomwelo n'kupepesa za kawailesi, koma za tiyi anadutsapo ngati sanaone.

Kwa amene akufuna kupita: valani nsapato zoyendera, chifukwa zitunda za kumeneko si zamasewera, makamaka kukwera kuchoka pa Grant kupita pa Stockton. Agogo kapena munthu wovutika mawondo aganize kawiri. Ana aang'ono angatope, koma wa kusekondale apindula kwambiri. Yesani kawailesi kanu musananyamuke pa chipata, ndipo muwafunse ngati ali ndi kapadera.

Pobwerera sitinalunjike kunyumba. Mwana wanga anaumirira kuti tipatukire pa Franklin Avenue akajambule manda a Geary aike mu ntchito yake. Tinazungulira pansi pa mitengo ikuluikulu tikuwerenga miyala mpaka dzuwa linapendeka, ndiye tagwirizana kuti tibwererekonso Loweruka likubwerali titafunsa kaye kwa osamalira malowo.